Dzina Limene Rahila Anakana Kutchula

Ukwati wa Rahila ndi Hamidu unali wosiririka ku Malengachanzi konse. Hamidu, wogulitsa mpunga, ndiye ankalera mwana wawo Zulfa pamene mkazi wake ankalimbana ndi maphunziro a ndale ndi ulamuliro ku yunivesite. Tsiku limene Rahila anavala gauni la udokotala, bamboyu anazinga mbuzi, n'kumauza aliyense potuluka mumzikiti kuti, "Dokotala ameneyu ndi wa m'nyumba mwanga!"

Rahila ataphunzitsa zaka zingapo, anabwerera kwawo kudzachita kafukufuku ku Chia. Ankafuna kudziwa chifukwa chake lamulo lotseka nyanja limaluma asodzi osauka okha, pamene maukonde a anthu otchuka akukokedwa dzuwa likuswa mtengo. Ntchitoyi inali ndi lamulo lake. Msodzi aliyense ankafunsidwa payekha, ndipo Rahila ankamulonjeza kuti dzina lake silidzatuluka, ngakhale kwa mwamuna wake.

Koma pakamwa pa anthu! Amayi ogulitsa chambo pa mlatho wa Chia anaona mkazi wapabanja atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mwamuna, lero uyu, mawa uyo, koma kawirikawiri msodzi wina wamtali. Nkhani inakwera minibasi, n'kukafika pa sitolo ya Hamidu itathiridwa kale mchere.

"Amayi a Zulfa, wamtali uja ndani?"

"Ndi munthu wa kafukufuku wanga."

"Ndati dzina lake!"

"Sindikuuzani. Akadziwika, a komiti ya padoko amulanda bwato. Ndinalonjeza."

"Ndiye lonjezo la msodzi laposa nika ya ukwati wathu? Ukufuna ndikhale choseketsa cha mumsika?"

"Inu munanditumiza nokha kusukulu. Lero mukufuna ndiisiye pakhomo ngati nsapato? Ayi, bambo a Zulfa. Zimenezo iwalani."

Mtima wa Rahila unawawa, pakuti mwamuna wakeyo ankamukonda. Anaganiza zongonong'oneza dzinalo kuti m'nyumba mubwerere mtendere. Koma ankadziwa kuti Hamidu akapsa mtima sasunga mawu, ndipo mlamu wake wa Hamiduyo anali mukomiti yomweyo. Anameza dzinalo, m'mawa n'kunyamukanso ulendo wa ku Chia mutu uli chilili.

Nsanje ndi matenda oipa, abale. Ikagwira munthu, chilichonse chimasanduka umboni: mpango watsopano, foni yosayankhidwa, ngakhale kuseka kumene.

Lachisanu lina Hamidu sanapite ku mapemphero a Juma. Anamulondola mkazi wake mpaka pansi pa mango paja. Msodzi uja, Swaibu, anali akulankhula motsitsa mawu, ataweramira kwa Rahila, kutchula akuluakulu amene amapha nsomba nyanja ili yotseka. Hamidu sanamve mawu. Anangoona mitu iwiri itayandikana. Anatola nkhafi yopalasira bwato, ndipo Rahila asanamalize kukuwa, Swaibu anali atagwa chafufumimba mumchenga. Anamwalira asanafike kuchipatala, kusiya mkazi ndi ana.

Mudzi unagamula mlandu khoti lisanakhale. Wolakwa anali Rahila, ati sukulu inamukwera m'mutu. Azakhali ake a Hamidu anamulavulira pa khomo la khoti. Rahila sanabise nkhope. Anaima m'bokosi la mboni, n'kunena zonse zimene maso ake anaona, misozi ikutsika koma mawu osanjenjemera. Loya wa Hamidu atafuna mayina a amuna ena amene ankakumana nawo, anayankha kuti, "Mmodzi wagona kale kumanda. Enawo simuwamva kwa ine." Woweruza anati funsolo silikhudza mlandu, ndipo analamula kuti Hamidu akakhale kundende moyo wake wonse.

Apolisi akumutulutsa, Hamidu anatembenuka. "Rahila, ukanangondiuza dzina!"

"Dzina mukanatani nalo? Munamupha musakulidziwa."

Galimoto ya ndende inanyamuka, Zulfa akulira atakangamira chitenje cha mayi ake.

Anthu amati chinsinsi ndicho chinapasula banja limeneli. Ine ndikukana. Rahila ananena zoona kuyambira tsiku loyamba, ndipo mwamuna wake anasankha kukhulupirira a pamlatho. Amene sakhulupirira mkazi wake, ngakhale umupatse mayina a asodzi onse a m'nyanja, adzafunsabe lina.