Nsanje ya Wokhoma Zidebe

Mmisiri wina wokhoma zidebe ankakondana ndi mkazi wake mochititsa kaso. Umphawi unalipo, koma madzulo ankasekera limodzi pakhonde, iye akuwongola malata, mkaziyo akuyamwitsa mwana.

Chaka cha chilala, khonsolo inatsegula dimba lothirira kuti mabanja osauka asamagone ndi njala, ndipo amayi anasankha mkazi wa mmisiriyo kukhala wapampando. Chakudya chinalowa m'nyumba, mwana ananenepa, koma mtima wa bambo unayamba kuwawa. Kukacha, "alangizi akuti"; kukada, "alangizi anena". Mlangizi wa zaulimiyo anali wosakwatira, wa nsapato zowala ndi njinga yamoto.

Mlongo wake wa mmisiri ndiye anasonkhezera moto.

"Achimwene, maso muli nawo? Anzawo akaweruka kudimba, alamuwa amatsalira ndi mlangizi uja m'nyumba yosungira mbewu. Awiriwiri, chitseko chotseka."

Mmisiri atafika kwawo anapanikiza mkazi wake ndi funso.

"Mumakambirana chiyani ndi mwamuna ujayu?"

"Fatsani, bambo a mwana, mudzamva nthawi yake ikakwana," anayankha mkaziyo akumwetulira.

"Ukundiseka? Popeza wayamba kundidyetsa ndiwe, ndasanduka chitsiru?"

Kalanga, munthu wansanje ngakhale kumwetulira amakuyesa umboni!

Tsiku lina masana mmisiri anatsatira mkazi wake kudimba, hamala ili m'manja. Ataima pachitseko cha nyumba yosungira mbewu ija anamva kuseka, kenako mawu a mkazi wake: "Chonde asadziwe msanga." M'maso mwake munada. Anakankha chitseko, nakantha mlangizi pamutu. Mlangiziyo anagwera pamatumba a mbewu, osadzukanso.

"Mayo ine! Mwapha munthu amene amakupezerani ntchito!" analira mkaziyo. "Khonsolo ikufuna nkhokwe zamalata. Ndakhala ndikumuchonderera kuti mukhome ndinu, ndipo lero wavomera!"

Hamala inagwa yokha m'manja mwa mmisiri.

Kukhoti sanakane mlandu. Woweruza anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mlongo wake uja sanaonekeko n'komwe.

Alangizi ena anaopa kupita kudimbako. Pampu itawonongeka panalibe woikonza, mbewu zinauma, ndipo njala inabwerera m'makomo mwa anthu osalakwa. Mkaziyo anabereka mwana kumbuyo nabwerera kwa makolo ake.

M'chitolokosi, mmisiri amangoyang'ana khoma, akumvabe mawu akuti "lero wavomera". Nsanje sipatsa munthu mpata woti afunse bwino, ndipo ikapha mmodzi, olira amakhala ambiri.