Malile a Dimba Anali mu Tabuleti

Pakhomo pa aDaka ku Nyampande panali pa mtendele. Bambo Lazarous Daka anali mkulu wa mpingo, ndipo akazi awo Amai Febby ankaimba m'kwaya. Anali ndi ana awili: Tasila, amene ankaphunzila za uphunzitsi ali kunyumba pogwilitsa nchito tabuleti, ndi mlongo wake wamng'ono Jordan, wa giledi 11. Chuma cha banjali chinali dimba la m'mbali mwa mtsinje limene aDaka anatsegula okha ali mnyamata. Munali nthochi, lepu, matimati ndi chitsime chosaphwa ngakhale mu Okutobala.

Jordan anayamba kusintha atazolowela kupita ku boma la Petauke kwa Whiteson, mnyamata wokonza mafoni pa kantemba pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Kumeneko anaphunzila kumasula mafoni, anaphunzilanso kumwa. Tsiku lina Tasila anamupeza pa kantembapo nthawi ya sukulu, yunifolomu ili m'chola, ndipo anakanena kunyumba.

ADaka sanamumenye. Anatenga njinga imene anamugulila, naimanga ndi tcheni pa nsanamila ya nkhokwe.

"Njingayi ndinagulila mwana wa sukulu," anatelo. "Mwanayo akadzabwela, ndidzaimasula."

Kuyambila tsikulo Jordan ankapita kusukulu wapansi, anzake akumuimbila belu pomupitilila. Chakukhosi chonse anasungila Tasila.

Chaka chomwecho aDaka anayamba kudwala mutu ndi chizungulile. M'mawa wina anatenga Tasila ndi tabuleti yake napita ku dimba. Anayenda malile onse, kuchokela pa mkuyu mpaka pa chitsime, Tasila akujambula vidiyo.

"Dimba ili sindinalandile kwa amalume anga," anatelo akuyang'ana kamela. "Mitengo ndinagwetsa ndekha. Ndikadzapita, ndi la mwana wanga Jordan."

Anachita izi chifukwa kwawoko mwamuna akamwalila, ana a mlongo wake nthawi zambili amabwela kudzafuna munda. Pobwelela anauza Tasila kuti, "Usamuuze Jordan mpaka alembe mayeso a giledi 12. Akadziwa lelo, mailo sukulu wasiya."

Tasila anatseka vidiyoyo ndi pasiwedi. Anayesa kuitumiza kwina kuti isungike pawili, koma netiweki ya kumudzi inalephela. Anaganiza kuti adzagula memoli kadi akadzapita ku boma kumapeto a mwezi.

Tsiku lojambula lija Jordan anawaona ali patali, iye ataima pa chulu.

"Asisi, mumajambula chiani ku dimba?" anafunsa madzulo ake.

"Za akulu. Iwe welenga mabuku."

Yankholo linamukwanila. Mumtima mwake anagamula kuti dimba lapelekedwa kwa Tasila. Patapita masiku awili amai ake anamupeza kuseli kwa nyumba akuyesa manambala pa tabuletiyo.

"Bweza kumene watenga," anatelo Amai Febby. "Mlongo wako anakunena chifukwa amakufunila zabwino. Chakukhosi ndi khala lamoto, Jordan. Ukalibisa m'thumba kuti udzaponyele mnzako, amene ayamba kupsa ndi iwe."

"Inu nonse muli mbali imodzi," anayankha Jordan, nachokapo.

Whiteson atamva nkhaniyi anaseka.

"Mfana wanga, akudyela. Poyamba njinga, manje dimba. Mlongo wako akakwatiwa, mlamu wako ndiye azidya nthochi, iwe uzimutapila madzi."

"Ndifuna vidiyoyo ichoke. Koma pali pasiwedi."

"Pasiwedi ndi ya ana. Bweletsa tabuletiyo tiichite luti. Makina awa ali ndi zitseko zimene opanga anakhoma kuti mwini asafike mkati. Luti ndi kuthyola zitsekozo. Ukatelo ndiwe bwana: uona chilichonse, uchotsa chimene ufuna, ubweza pamalo pake ngati sunaikhudze."

Pa Sabata m'mawa Jordan anati mutu ukumupweteka. Ena onse atapita kutchalichi, anatulutsa tabuleti m'bokosi la Tasila nakwela galimoto ya matimati yopita ku boma.

Whiteson anaizimitsa, nagwila mabatani awili nthawi imodzi mpaka galasi linada n'kutulutsa timalemba ting'onoting'ono. Anailumikiza ndi nthambo ku laputopu yake yakale, nalemba mau angapo. Pa tabuleti panabwela uthenga wa Chingelezi wokhala ndi mayankho awili. Whiteson anauwelenga, nakanda kumutu.

"Apa pali kavuto. Ikuti tikatsegula, zonse zili mkati zifafanizika."

"Zonse?"

"Vidiyo, zithunzi, manotsi, zonse. Ndinaiwala kuti zamtundu uwu zimatelo."

Jordan ankadziwa bwino kuti mmenemo munali maphunzilo a Tasila a zaka ziwili ndi nchito imene anayenela kupeleka ku koleji mwezi wotsatila. Kenako anakumbukila belu la anzake panjila ya kusukulu.

"Naye ayendeko wapansi," anatelo, nadina yekha.

Sizinatenge mphindi zitatu. Tabuleti inayaka yopanda kanthu, ngati yongochoka m'sitolo.

"Manje akaiona chonchi adzadziwa kuti wina anaigwila," anatelo Whiteson. "Tiikemo sofutiweya yatsopano. Ukanene kuti inadzisintha yokha, zimachitika."

Anafufuza pa intaneti napeza ina ya dzina lofanana, koma nambala ya kumapeto inali yosiyana pang'ono ndi ya kumbuyo kwa tabuletiyo. Jordan anaona kusiyanako namulozela.

"Ndi mapasa awa, mfana. Ndaikapo zambili."

Kamzele kobiliwila kanayamba kuyenda pa laputopu, kanafika pakati, n'kuima. Anadikila theka la ola. Atachotsa nthambo, tabuleti inkangoonetsa chizindikilo cha kampani, n'kuzima, n'kuyakanso, osapitilila pamenepo. Whiteson anayesa kawili, kenako anaikankhila kwa Jordan.

"Yafa. Koma chimene unabwelela chatheka."

Jordan anaibweza m'bokosi anthu asanaweluke kutchalichi. Madzulo anamva Tasila akulila m'chipinda.

"Makina amafa okha, asisi," anamuuza ali pakhomo, ndipo chakudya anadya mokoma tsiku limenelo.

Tasila anaganiza zobweleka foni kwa mnzake kuti atate ake akambenso mau aja. Koma Lachitatu aDaka anagwa pabwalo, pakamwa panapotoka, ndipo sanakambenso. Anamwalila kuchipatala patapita masiku khumi.

Malilo atatha, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambilana za katundu. Eustace wa ku Nyimba, mwana wa mlongo wa malemu, ndiye anayamba.

"Nyumba ikhale ya Amai Febby ndi ana. Koma dimba la amalume libwelele kwa ife, monga mwa mwambo."

Mkulu amene ankatsogolela zokambilanazo anati, "Ngati malemu anasiya mau, tiwamve. Mau a mwini sitingawalumphe."

Tasila anaimilila atagwila tabuleti yakufa ija.

"Anasiya. Anayenda malile onse ine ndikujambula. Anati dimba anatsegula okha, ndipo ndi la Jordan. Anandiletsa kumuuza mpaka atsilize sukulu. Koma tabuleti inafa."

Eustace anamwetulila. "Msuweni, ndiye tikhulupilile galasi lakuda? Aliyense angakambile mlongo wake zabwino."

Jordan anali atakhala kumbuyo.

"Asisi, mwati la ndani?"

"Lako. Linali lako kuyambila tsiku lija unatiyang'ana uli pa chulu."

Jordan anaimilila. "Sinafe yokha. Ndinaitenga pa Sabata, ndinapita nayo ku boma. Inandichenjeza kuti zonse zifafanizika, ndipo ndinadina ndine. Ndimayesa kuti atate apatsa inu."

Amai Febby anaphimba nkhope ndi chitenge.

"Mwadzimvela nokha," anatelo Eustace. "Ngati mau analipo, Jordan yemweyo ndiye anawakana."

Akulu anapatsa banjali sabata imodzi kuti liyese kupeza vidiyoyo. Jordan anathamangila kwa Whiteson.

"Chofafanizika mwanjila ija sichibwelela, ngakhale upite nayo ku Lusaka," anatelo Whiteson osasiya foni imene ankakonza. "Ndipo usanditchule. Ine ndinakuwelengela chenjezo. Batani unadina wekha."

Pa mau amenewo Whiteson sananame.

Dimba linapita kwa Eustace. Nthochi za aDaka tsopano zimagulitsidwa m'mbali mwa mseu ku Nyimba, ndipo Amai Febby amagula lepu pamsika. Tasila anabweleza chaka chimodzi ku koleji. Sanabwezele choipa, koma panapita miyezi asanayambenso kuseka ndi mlongo wake.

Jordan anasiya moŵa ndipo kwa Whiteson sanapondekonso. Tsiku lotsegulila sukulu amai ake anamupatsa kiyi wa tcheni cha njinga.

"Atate ako anati mwana wa sukulu akadzabwela, imasulidwe. Wabwela mochedwa, koma wabwela."

Tabuleti ija ili pamwamba pa kabati mpaka lelo. Jordan anauza mlongo wake kuti za dimba anazivomela. Chimene chimamusowetsa mtendele ndi chakuti mkati muja munali mau a atate ake akunena kuti "mwana wanga Jordan", ndipo iye anawafafaniza asanawamve.

Achinyamata, chenjezo ndi ili. Musagamule mlandu wa m'bale wanu muli pa chulu, musanamve chimene chanenedwa. Musathyole chokhoma cha mwini chifukwa mnzanu wati n'zosavuta, pakuti zikavuta adzakukumbutsani kuti chala chinali chanu. Wobwezela amayesa kuti akulanga mnzake, koma nthawi zambili chimene amaononga ndi cholowa chake chomwe, ndipo kulapa sikubweza zonse.