Nzimbe ya Atate ndi Nkhwazi ya Lilly

Lilly amakhala ku Kafue Estates. Pasukulu pawo pali mbendera yatsopano ya Zambia. Pambenderapo pali nkhwazi.

Lilly anajambula nkhwazi. Anzake anaseka. Anati ndi nkhuku yonyowa. Zinamuwawa kwambiri Lilly. Anafuna kuona nkhwazi yeniyeni.

"Batate, munipeleke kumtsinje," anatero Lilly. "Nifuna kuona nkhwazi."

Atate ake ndi a Shadreck. Amagwira ntchito kufakitale ya feteleza. Kumeneko makina amalira tsiku lonse. Wofuna kulankhula amafuula. A Shadreck anazolowera. Kunyumba amafuula. Kutchalitchi amafuula. Koma iwo amati akunong'ona.

Lamlungu masana ananyamuka. Lilly patsogolo, atate pakati, amayi pambuyo. Amayi ananyamula nzimbe yodyera m'njira.

M'mbali mwa mtsinje wa Kafue munali kanjira. Anali malo osungirako mbalame. Kumeneko sadula mitengo. Salolanso legeni.

"Muziyenda zii," anatero mlonda wa pamalopo. "Mbalame sizifuna chongo."

"Tamvela!" anatero atate.

Mlonda anadzidzimuka. Chipewa chake chinagwa.

Anayenda, anayenda. Anapeza akakowa m'mabango.

"Lilly, nkhala zii!" anatero atate.

Akakowa anati balala.

Anayenda, anayenda. Anapeza atsekwe pamadzi.

"Osapanga chongo!" anatero atate.

Atsekwe anati balala.

Anayenda, anayenda. Pamtengo wautali panali mbalame yaikulu. Lilly anangoona msana wake.

"Ni yamene iyo!" anatero atate.

Mbalame ija inauluka. Lilly sanaone ngakhale mutu wake.

Dzuwa linayamba kupendeka. Misozi inalengeza m'maso mwa Lilly. Mawa anzake asekanso. Koma mwana angauze bwanji atate ake kuti atseke pakamwa?

Lilly anayang'ana nzimbe. Anaitenga kwa amayi. Anagwada, naipereka ndi manja awiri.

"Batate, mwalema. Dyankoni nzimbe."

"Mwana waulemu uyu!" anatero atate.

Analuma. Anatafuna. Anatafunanso. Zotafuna ankaika m'thumba, osataya m'njira. Pakamwa panadzaza. Mawu anasowa potulukira.

Kumtsinje kunati zii.

Akakowa anabwerera. Atsekwe anabwerera. Kenako mbalame yaikulu ija inabwerera. Mutu woyera. Mapiko akuda. Mlomo wokhota. Inali nkhwazi!

Inatsika pamadzi. Inagwira nsomba ndi zikhadabo. Inakatera pamtengo uja. Lilly anayang'ana, anayang'ana, mpaka anakhutira. Mtima wake unadzaza chimwemwe.

Kenako nkhwazi inakweza mutu. Inatsegula mlomo. Inalira mofuula. Mtsinje wonse unamva.

"Ba Shadreck," anatero amayi, "m'bale wanu uyo. Akupatsani moni."

Nzimbe inali itatha.

"Tachoma bwino!" anayankha atate. "Kaya imwe?"

Akakowa anati balala. Atsekwe anati balala. Koma nkhwazi sinathawe. Inaliranso.

Madzulo Lilly anajambula. Anajambula mutu woyera. Anajambula mapiko akuda. Sinali nkhuku ayi. Pambali pake anajambula atate. Onse awiri anali atayasama.

Amayi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Wajambula bwino, mwana wanga," anatero. "Manje niuze, batate bako ni bati apa?"

Atate anaseka. Nkhuku za aneba zinati balala.