Malaya a Mzime

Khulupirirani kapena musakhulupirire, mutu ndi wanu, koma ine ndinaona munthu ali chilili pafupi ndi mtembo wa amayi ake, pakamwa atatseka, kwinaku mawu ake ali patebulo akufunsa ngati amayiwo agona bwino. Mukundiyang'ana choncho chifukwa mukudziwa kuti sukulu ndinalekera panjira ndipo bodza silindivuta. Chabwino. Mvetserani mpaka kumapeto, pomwe ndawonjezera ndikuuzani ndekha.

Mnyamatayo kwawo ankangomutchula kuti Mzime, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Anakulira m'nyumba yabwino. Bambo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, amayi ake n'kulera ana awiri ndi makina osokera amene ankakhala pafupi ndi zenera. Anali telala wosafuna zachidule. Munthu akatumiza mwana kudzanena miyeso, ankamubweza, amvekere mwini thupi abwere amuyeze ndi manja awo, chifukwa munthu amanenepa osadziwa. M'mawa uliwonse ankapemphera asanaponde makina, Mzime n'kuyambitsa nyimbo, pakuti mwanayo anali ndi mawu okoma moti ngakhale akamanama unkafuna apitirize.

Mawu omwewo ndi amene anamupezetsa ntchito kumzinda wakutali, kukampani ina yogulitsa katundu pa foni. Tsiku lonyamuka amayi ake anamugwira dzanja pakhomo.

"Malipiro ako udye wekha, ine manja ndili nawo," anatero. "Koma m'mawa uliwonse uzindiimbira, ndizimva kuti uli moyo. Iwe ndimakudziwa, ntchito ikakukwana umakankhira mnzako. Iyi yokhayi usadzakankhire wina."

Kuntchitoko kunali chipinda chachikulu cha matebulo m'mizeremizere, aliyense zomvera zili m'makutu, akunyengerera anthu kuti agule mapoto ndi mabulangete. Mzime ankagulitsa kuposa onse, ndipo amayi ake ankawaimbira mosaphonya.

Kenako kunabwera makina oganiza aja amene alowa paliponse masiku ano. Bwana analowetsa Mzime m'kachipinda komata siponji m'makoma, n'kumuuza kuti aziwerenga, aziseka, azipepesa, iwo akujambula. Posakhalitsa makinawo anayamba kuyankha makasitomala ndi mawu a Mzime, anthu ambirimbiri nthawi imodzi, osatopa, osapempha kupita kuchimbudzi. Anzake onse anauzidwa kuti akapume kwawo. Mipando inazondotsedwa pamatebulo. Anatsala awiri okha oti aziyang'anira timagetsi tobiriwira: Mzime ndi mnzake wina amene ankamutcha Chidule.

Ntchito yoyang'ana kagetsi situlutsa thukuta. Anyamatawo ankaweruka thupi lili gwa, n'kukalitopetsa ndi mowa ku bala. Mzime anayamba kudzuka mochedwa, m'kamwa mukununkha, mutu ukugunda, ndipo foni ya amayi inayamba kumulemera. Nkhani za amayiwo zinali zomwezomwezo: ulusi wakwera mtengo, nkhuku za aneba zalowanso m'dimba, sizasi yagwera paphazi.

Chidule atamva kudandaulako anaseka mpaka kutsokomola.

"Koma iwe ndiwe wogona. Panopa ukucheza ndi dziko lonse uli khale pampandopa, ndiye mayi mmodzi akuvute? Apatse makinawa. Ine zibwenzi zanga zonse amachezera ndi omwewa, ndipo zikuti ndasintha, ndayamba kumvetsera."

Mzime anakanako pang'ono, kukana kwa munthu amene wavomera kale. Tsiku lomwelo anauza makinawo mayina a abale, nyimbo za m'mawa, ndi nkhani za ubwana wake. Anawaikira lamulo limodzi: asakhumudwitse amayi, chilichonse anganene azivomera. Masiku oyamba iye ndi Chidule ankamvetsera zomwe makina achezazo, akufa ndi phwete pomva amayi akuthokoza Mulungu kuti mwana wawo wakula. Kenako anatopa nazo. Makina akati amuuze zomwe amayi anena, ankangowazimitsa.

Tsiku lina achemwali ake, amene anakwatiwa kutali ndipo anali ndi khanda, anamuimbira. Anati amayi akumutama kuti wasanduka mngelo, amapemphera nawo mpaka foni kutentha. Kenako anamufunsa za phazi. Bala lija la sizasi silikupola chifukwa cha matenda awo a shuga, ndipo amayi awaletsa kuti asavutike kuyenda ndi khanda, poti Mzime walonjeza kubwera Loweruka kudzawatengera kuchipatala.

"Ukubweradi iwe? Usandinamize, ndinakubereka kumsana ine."

Mzime za bala lotukusira ankazimva koyamba. Akanangonena zoona, achemwaliwo akanakwera basi tsiku lomwelo. Koma chifukwa cha manyazi anayankha kuti ee, akubwera. Ndipo mumtima ankafunadi kupita. Loweruka litafika Chidule anabwera ndi atsikana awiri ndi galimoto yobwereka. Mzime anadziuza kuti makina apepesa bwino kuposa iye, ndipo anapepesadi bwino. Pofuna kuthawa mafunso, anauza makinawo kuti aziyankhanso achemwali ake.

Kumudziko phazi linatupa, linada, linayamba kutuluka madzi. Aneba ankabwera ndi njinga pakhomo kuti awatengere kuchipatala, amayiwo n'kukana. Ankati mwana wawo akubwera, wanena yekha m'mawa womwewo, ndipo angakhumudwe atapeza m'nyumba mulibe munthu. Anayamba kumusokera malaya oti adzamulandire nawo. Anamupempha kangapo kuti abwere adzamuyeze, makina n'kumavomera mokoma. Mapeto ake telala uja anaphwanya lamulo lake, anasoka pa miyeso yakale, akuzunguza gudumu ndi dzanja chifukwa phazi silinkathanso kuponda.

Aneba ndi amene anaitana achemwali aja. Akuti fungo linawalandirira panja. Anapeza amayi ali pampando woyang'ana kumsewu, nsanza itamatirira pabala, ntchentche zili ng'waa. Kuchipatala anafika nawo mochedwa. Achemwaliwo anaimbira Mzime akulira kuti amayi akutsirizika, ndipo mawu odekha anawayankha kuti asadandaule, akubwera.

Anachita kupita alamu ake a Mzime, amuna a achemwali aja, mpaka kuntchito, n'kukamupeza akusinza kutsogolo kwa timagetsi take, mimba itatulukira pamalaya. Anamuuza za maliro n'kunyamuka naye.

Anafika m'mawa. Mtembo unali pabalaza, anthu atakhala m'mbali mwa khoma. Mzime anali asanagwade n'komwe pamene foni ya amayi, imene inali patebulo la makina osokera, inayamba kulira. Achemwali ake anaitenga, anayang'ana dzina la woimbayo, anayang'ana mlongo wawo amene manja ake anali opanda kanthu. Anadina kuti aliyense amve.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Phazi lija likupeza bwanji lero? Musadandaule amayi anga, Loweruka ndikubwera."

Poona kuti palibe akuyankha, mawuwo anayambitsa nyimbo ya m'mawa ija. Ankaimba bwino, osaphonya. Bambo wina wachikulire anatuluka kukalavula panja.

Achemwali aja sanakalipe. Anazimitsa foni, anatenga malaya amene anali atapindidwa pansi pa pilo, n'kumuponyera.

"Vala. Zala zawo zinatupa ndi gudumu chifukwa cha amenewa."

Anavala pamaso pa anthu onse. Mabatani anakana kukumana pamimba ya mowa ija, ndipo atakakamiza, msoko wa m'khwapa unang'ambika. Pamenepo achemwaliwo anamunong'oneza kuti amayi asanatsirizike ananena kuti ankadziwa kuti woimbayo sanali mwana wawo, koma amukhululukira.

Atabwerera kumzinda anapeza kuti kampani yagula makina ena oyang'anira makina anzawo. Iye ndi Chidule anauzidwa kuti akapume. Atapempha kuti amubwezere mawu ake, bwana anamuuza kuti mawuwo ndi katundu wa kampani, anawapereka yekha. Chidule samuyankhanso, kapena amene amayankhayo si Chidule, ndani angadziwe. Lero Mzime amangozungulira pamalo okwerera basi, kunyamula katundu wa anthu, osalankhula kwambiri. Nthawi zina amamva mawu ake akutuluka m'foni ya munthu wodutsa, akuseka, akutsatsa mapoto.

Tsono inu achinyamata, ndikuuzeni mosapsatira. Makinawa atenga ntchito zambiri ndipo atenganso zina, zimenezo simungaziletse. Koma ulesi ndi tchimo, ndipo umapha. Kholo lanu likafuna mawu anu, imbani nokha, ngakhale mutu ukuwawa. Likati bwera, kwerani basi. Makina amalonjeza koma alibe miyendo.

Ndinalonjeza kuti pomwe ndawonjezera ndinena. Foni ija inaliradi, ndinali pomwepo, ndipo wolavula panja uja ndinali ine. Malaya anang'ambikadi. Ndawonjezera pa mawu okhululuka aja, chifukwa ndinaona kuti nkhope zanu zikufuna popumira. Achemwali ake sanamunong'oneze kanthu. Amayi aja sanadziwe chilichonse. Anamwalira akuuza anamwino kuti m'dziko muno mulibe mwana wosamala mayi ake ngati Mzime wawo.