Mizere Yosuluka pa Nsalu ya Amayi

Thumba linang'ambika pa nthawi yoipa, basi itangoima kumene. Tizidutswa ta nsalu tinamwazika pa siteji ponse, tofiira, tobiriwira, ta maluwamaluwa, ndipo anthu olimbirana mipando anayamba kutiponda.

Mwini thumbalo anali mtsikana amene anzake ankamutcha Nazigamba, chifukwa ntchito yake inali yotolera nsalu zotsala kwa atelala n'kumasoka zofunda zolumikizalumikiza. Anagwada pafumbi, misozi ili pafupi.

Munthu mmodzi yekha ndiye anawerama kumuthandiza. Anali mnyamata wamtali, pensulo ili kukhutu, utuchi uli m'tsitsi. Basi inawasiya onse awiri.

"Chuma chokongola chonchi, mukuchisunga m'thumba lakuthali?" anafunsa mnyamatayo.

Nazigamba anayankha kuti zakunyumba ndiye zoposa apa. Nsalu zonse zinali m'matumba kunsi kwa bedi, ndipo akafuna yachikasu ankayamba wakhuthula chipinda chonse. Mnyamatayo anaseka, n'kunena kuti iye ndi kalipentala, ndipo sangagone tulo podziwa kuti nsalu za munthu wa maso okongola chonchi zikudyedwa ndi njenjete. Mmene basi yachiwiri inkafika, anali atapatsana kale nambala za foni.

Loweruka anatulukira ndi tepi yoyezera komanso matabwa. Ntchito yokhoma mashelefu inali ya masiku atatu, koma inatenga milungu isanu. Musandifunse chifukwa chake. Tsiku lina misomali yatha, tsiku lina waiwala nyundo, koma kumwetulira kokha sankakuiwala.

Mashelefu atatha, Nazigamba anachapa nsalu iliyonse, n'kuisita, n'kuikulunga pa kachidutswa ka katoni. Makatoniwo anawadula ofanana ndendende, ndipo anaimika nsaluzo ngati mabuku. Zofiira zinali ndi malo awo, zobiriwira ndi awo, zoyera pansi penipeni poti dzanja lafumbi lisazikhudze pafupipafupi. Tizidutswa ting'onoting'ono anatiika m'mabokosi, tautali wa chala patokha, taukulu wa chikhatho patokha. Mapulasitiki anawakana kwamtuwagalu, ati amasunga chinyezi ndipo nsalu imachita nkhungu.

Pa shelefu yapamwamba anaikapo zabuluu. Pakati pa izo panali imodzi ya mamita anayi, yokhala ndi timbalame toyera. Kalipentala atafuna kuigwira, Nazigamba anamugwira dzanja.

Anamuuza kuti nsaluyo anagula ndi amayi ake atayamba kale kudwala. Anamupatsa ali pamphasa ya odwala, n'kumuuza kuti adzasokere chofunda cha ukwati wake, poti iwo sadzakhalapo. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitadutsa, sizasi isanaikhudze. Pofotokoza anali kulira, ndipo kalipentala anamupukuta misozi ndi chala chachikulu.

"Duwa langa, chofunda chimenecho tidzafunda ndife awiri. Amayi sanakusiye wekha, anakusiyira ine."

Ndi mtsikana uti amene sangasungunuke mtima ndi mawu otere? Nazigamba anamulola tsiku lomwelo.

Kuchokera pamenepo foni sinkapuma. M'mawa: "Wadzuka bwanji duwa langa? Ndikupala thabwa koma ndikuona nkhope yako." Masana: "Wadya? Usalole makina akulande njala." Kalipentala anamutengera kwa amayi ake, mayi wansangala amene anayamba kumutchula kuti mpongozi asanamwe n'komwe madzi. Ukwati anaupangana kuti udzachitika mvula ikadzatha.

Koma panali chinthu chimodzi chimene awiriwa analakwitsa. Kalipentala anakhoma mashelefu pa khoma loyang'anizana ndi windo, ati kuti mitundu izioneka bwino. Nazigamba ankadziwa bwinobwino kuti dzuwa ndi mdani wa nsalu, koma masiku amenewo maso ake sanali pa khoma, anali pa wokhomayo.

Patatha miyezi inayi anatsitsa nsalu ya amayi kuti ayambe kuyeza. Ataitambasula, mtima unangoti myuu. Dzuwa lamasana linali litawomba mbali imene inayang'ana kunja, ndipo paliponse pamene nsaluyo inapindika panali mzere wosuluka, wina apa, wina apo, mpaka kumapeto. Zabuluu zinzake zonse zinali chimodzimodzi.

Anamuimbira foni akusisima. Kalipentala anafika thukuta lili kamukamu, anapepesa, anapachika katani pa mashelefu, kenako n'kunena kuti ali ndi mnzake wodziwa kunyika nsalu mu utoto.

"Ndipatse, duwa langa. Pakutha pa mlungu ibwera ngati yatsopano. Ndikulonjeza."

Nazigamba anazengereza, koma anaipereka. Ukamukana mwamuna wako wamawa, ukhulupirira ndani?

Mlungu unatha. Mwezi unatha. Akafunsa, yankho linali lokonzeka kale: mnzakeyo wapita kumaliro, utoto wabuluu ukusowa, nsalu sinaume. Malo a nsaluyo pa shelefu anangokhala yasa, ndipo Nazigamba sanalole kuikapo ina. Mauthenga a m'mawa anayamba kufika masana, ena osafika n'komwe.

Lachiwiri lina m'mawa, akusanja tizidutswa m'mabokosi, kunamveka odi. Anali mtsikana wovala yunifomu ya unamwino, wankhope yofatsa, chikwama chili m'khwapa. Anati telala wina ndi amene wamulozera kuno. Anali ndi nsalu yoti asoketse diresi, koma telalayo anakana, ati ili ndi mizere yosuluka, ndipo amene angaipulumutse ndi wosoka zigamba yekha, poti iye amadula tizidutswa n'kulambalala poipapo.

Anatsegula chikwama n'kuyala nsaluyo patebulo.

Timbalame toyera.

Nazigamba anaizindikira nthawi yomweyo. Anadziuza kuti nsalu zofanana zilipo zambiri m'masitolo. Anafunsa motsitsa mawu kumene anaitenga.

Namwinoyo anamwetulira mwamanyazi. Anati wamupatsa ndi bwenzi lake, kalipentala amene anadzakonza zitseko kuchipatala kwawo.

"Ndi ya malemu amayi ake, asisi. Anamupatsa ali pafupi kutisiya, ati adzapereke kwa mkazi amene adzamukwatire. Pondiuza anali kulira. Muisamale chonde, ndi chinthu chokhacho chimene anamusiyira."

Mawu aliwonse anamulasa Nazigamba pamtima. Ndiye kuti munthuyu sanangotenga nsalu yokha? Anatenganso matenda a amayi ake, mawu awo omaliza, ndi misozi yomwe, n'kupita kukafunsira nazo mkazi wina!

Nazigamba sanakalipe. Anakwera pampando, n'kutsitsa nsalu yabuluu ina imene inkakhala moyandikana ndi ya amayi. Anaitambasula pambali pa inzake. Mizere yosuluka inakumana umodzi ndi umodzi, poti katoni anali wofanana ndipo dzuwa linali lomwelo.

Namwino anayang'ana nsalu ziwirizo, anayang'ana malo opanda kanthu pa shelefu, kumwetulira kuja n'kuzimiririka pang'onopang'ono.

"Amayi amene anamwalira ndi anga," anatero Nazigamba. "Ake ali moyo. Lamlungu lapitali ndinali nawo, amanditchula mpongozi."

Anamupatsa foni kuti awerenge yekha. Uthenga womaliza unali wadzulo lake: "Usade nkhawa duwa langa, wonyika uja akuti mawa." Namwino naye anatulutsa foni yake. M'menemonso munali duwa langa, m'mawa uliwonse, pa nthawi imene mauthenga opita kwa Nazigamba ankachedwa.

Anakhala pansi onse awiri pakati pa mabokosi, osadziwa wotonthoza mnzake ndi ndani. Namwino ankangobwereza kuti sankadziwa, sankadziwa. Kenako anadzuka, anapukuta m'maso poti odwala ankamudikira, n'kutuluka chikwama chili chopanda kanthu.

Cha m'ma folo koloko kalipentala anafika akuimba mluzu, maswiti ali m'manja. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma iye anali asanamve kuti kunja kwagwa mvula. Nazigamba anamuchingamira pakhomo, nsalu ya timbalame ataikumbatira pachifuwa. Mluzu unathera m'kamwa.

Anayamba kulankhula zambirimbiri. Ati namwinoyo ndi amene ankamukakamira, ati anangosokonezeka mutu, ati nsaluyo inali itawonongeka kale ndiye ankafuna kudzagula ina yofanana. Anagwada ndi bondo limodzi pakhonde, anthu odutsa akuyang'ana.

"Duwa langa, ndimakonda iwe wekha. Usathetse zonsezi chifukwa cha nsalu."

 Nazigamba ankamukondabe, ndipo chimenecho n'chimene chinkamuwawa koposa.

"M'nyumba muno muli nsalu zoposa mazana awiri," anatero. "Mukanatenga ina iliyonse, mwina ndikanakumverani. Koma inu munatenga amayi anga pamene ndinawagoneka, n'kukawapereka kwa mkazi wina ngati anu. Amayi anu amene ali moyo munawapha ndi pakamwa. Pitani, mukawauze nokha kuti alibe mpongozi."

Anatseka chitseko n'kukhoma loko. Kalipentala anagogoda, anaitana, anatumiza mauthenga atatu otsatizana. Kenako mapazi ake anamveka akutsika pakhonde.

M'chipinda munangoti zii. Nazigamba anatsetsereka ndi chitseko mpaka pansi. Pa nthawiyo sankafuna mwamuna, sankafuna ukwati, ankangofuna amayi ake. Anakwirira nkhope m'nsalu ija n'kukoka mpweya, kufunafuna kafungo ka m'sutikesi mwawo.

Nsaluyo inkanunkhira mafuta odzola a munthu wina.