Keke ya Ukwati Iwoloka Damu

Tsitsi anakhala pakati pa bwato, keke ili pamiyendo. Aka kanali koyamba kukwera bwato. Mayi ake anaphika kekeyo chifukwa mchemwali wake Hope ankakwatiwa tsikulo kutsidya kwa damu la Darwendale. Poopa kuti kombi, minibasi ya kumeneko, iiphwanya m'maenje a msewu, anapempha mlongo wawo, a Saturday, kuti awolotse mwanayo ndi kekeyo pamadzi.

Chifukwa cha mantha, Tsitsi anatha sabata yonse akufunsa za kutsidyako. Anafunsa asodzi a papurazi, ndiye kuti pafamu, anafunsanso Mai Masozi, amene ankawoloka kawirikawiri kukagula nsomba. A Saturday atamva anaseka, nati damulo analidziwa Tsitsiyo asanabadwe.

M'mawa umenewo madzi anali bata. A Saturday ankapalasa akuimba nyimbo ya kumudzi kwawo ku Dedza, ndipo pang'onopang'ono Tsitsi anayamba kumasuka, mpaka anaviika chala m'madzi.

Atayandikira tsidya lija, nyimbo inaduka. Doko limene a Saturday ankalidziwa linali litatsekeka ndi namasupuni wobiriwira, ndipo kumtunda mwini purazi watsopano anali atamanga mpanda wa waya. Anayesa kulowetsa bwato, koma nkhafi inakodwa m'mizu. Bwato linapendama, keke inatsetsereka, Tsitsi anaigwira ndi chifuwa. Chapatali ng'oma za ukwati zinali zitayamba kale.

"Malume," anatero Tsitsi motsitsa mawu, "Mai Masozi anati pano anthu anasiya kuimapo. Akuti tilondole gombe mpaka pa kanyumba ka pampu. Pamenepo pali mchenga, ng'ombe zimamwerapo."

A Saturday anayang'ana mpanda uja. Kenako anafunsa ngati mayiwo ananenapo china. Tsitsi anati anachenjeza zosadutsa pafupi ndi bango, popeza mvuu ina inali ndi mwana pamenepo.

Anabweza bwato, nazungulira bangolo patali. Akudutsa, mutu waukulu unatumphuka m'madzi, makutu akugwedera, ndi kamutu kena pambali pake. A Saturday anapalasa mwakachetechete, thukuta likutsika m'khosi.

Kanyumba ka pampu anakapezadi, ndi mchenga wake. Azimayi amene ankatunga madzi anawathandiza kukoka bwato, mmodzi nasenza keke mpaka kutchalitchi. Duwa limodzi la shuga linali litaphwanyika, koma Hope anangoseka, nati mbali imeneyo adya yekha.

Anthu anavina, anadya mpunga ndi nkhuku, ndipo Tsitsi anavina mpaka fumbi linafiiritsa nsapato zake.

Dzuwa litapendeka, a Saturday anamuitanira pambali, chidutswa cha keke chili m'manja. Anakhosomola pang'ono.

"Iwe Tsitsi, nanga za ulendo wobwerera, Mai Masozi anati chiyani?"