Masamba Amene Sanawotchedwe

Keturah ankakhala ku Braunstone, mumzinda wa Leicester, kutsidya kwa nyanja. Ankafuna kudzala maungu kuseri kwa nyumba. Koma dothi la kumeneko linali lolimba. Linali lolimba ngati njerwa. Chaka chatha anadzala, koma mbewu zinafota.

Tsiku lina agogo ake aamuna anabwera kudzacheza. Anachokera ku Ntcheu. Kunja kunkazizira, masamba akuyoyoka m'mitengo. Agogo anavala majekete awiri. Anatuluka panja. Anayang'ana dothi, napukusa mutu.

"Dothi ili lili ndi njala," anatero agogo.

Keturah anasesa masamba. Agogo nawonso anasesa masamba. Anaunjika mulu waukulu. Kenako agogo anapempha machesi. Anati kwawo amawotcha, chifukwa phulusa limadyetsa mbewu.

Amayi a Keturah anatuluka, atavala zakuntchito.

"Pepani bambo, pano pasayake moto," anatero amayi. "Aneba ayanika zovala. Alinso ndi khanda."

Amayi anathamangira basi. Agogo anakhala pampando. Keturah anakhala pambali pawo. Iye ankakonda kuyankha m'Chingerezi. Koma lero anayesetsa Chichewa.

"Agogo, kumudzi mumawotcha chiyani?"

Agogo anafotokoza pang'onopang'ono. Kale anthu ankadula mitengo pamalo amodzi. Ankaisiya kuti iume. Ikauma ankaiwotcha, n'kudzala paphulusa. Chaka choyamba chimanga chinkatalika. Chaka chachiwiri chinkafupika. Kenako dothi linkatopa. Likatopa, anthu ankalisiya. Ankapita kukalima kwina. Tchire linkameranso, dothi n'kupuma zaka zambiri.

"Nanga pano?" anafunsa Keturah.

"Pano anthu tachuluka. Kwina kulibe. Munda ndi womwewo. Ndimawotcha mapesi chaka ndi chaka. Chimanga chikungofupika."

Keturah anayang'ana mulu wa masamba. Anaganiza. Anaganizanso.

"Masamba akapsa amapita kuti?"

Agogo analoza kumwamba. Anati ambiri amapita ndi utsi. Mulu waukulu umasiya phulusa lochepa. Mvula ikagwa yamphamvu, phulusa lina limakokoloka.

"Ndiye dothi limadya pang'ono," anatero Keturah.

Agogo anamuyang'anitsitsa.

Mphepo inayamba kuwomba. Inayamba kumwaza masamba. Keturah anawakokera pansi pa mpanda wa zitsamba. Pamenepo anapeza masamba ena akalekale. Palibe anawasesa. Palibe anawawotcha. Anali onyowa, owola.

Keturah anafukula ndi kamtengo. Dothi la pansi pake linali lakuda. Linali lofewa. Nyongolotsi inatuluka, n'kubisalanso.

"Agogo, tabwerani muone."

Agogo anagwada movutikira. Anatapa dothi m'manja. Analifikisa. Analinunkhiza. Anatseka maso.

"Fungo ili ndikulidziwa," anatero. "Ndi fungo la munda watsopano. Ndinalimva ndili mwana ngati iwe."

Madzulo amayi anabwera. Keturah anawaonetsa dothi lakuda lija. Amayi anati masamba akawola amasanduka dothi. M'masamba muli chinthu chotchedwa kaboni. Kaboni akakhala m'dothi, dothi limada. Limafewa, limasunga madzi. Koma moto umamutumiza kumwamba. Akachuluka kumwamba, dziko limatentha.

"Ndiye tisamuthamangitse," anatero Keturah.

M'mawa mwake anayala masamba pamunda. Keturah anayala. Agogo anayala. Anaika timitengo pamwamba, kuti mphepo isawatenge. Munda wonse unafunda.

Posakhalitsa agogo anabwerera ku Ntcheu. Kumeneko mvula inali pafupi, ndipo munda unkawadikira. Keturah analira pang'ono.

Chisanu chinabwera. Chisanu chinapita. Keturah ankavundukula masamba n'kusuzumira. Nyongolotsi zinachuluka. Dothi linayamba kufewa. Kutayamba kufunda, anadzala maungu. Anamera. Anayanga mpaka kumpanda.

Loweruka lina amayi anaimbira agogo foni ya kanema. Keturah anathamanga nayo panja. Anawaonetsa nkhwani wobiriwira. Anawaonetsa kadzungu kakang'ono ngati dzira.

Agogo anaseka. Kenako anatembenuza foni yawo. Keturah anaona munda wa ku Ntcheu. Chimanga anali atakolola. Mapesi anali atagona m'mizere.

"Theka ili sindiwotcha," anatero agogo. "Anzanga akuti ndachita ulesi."

"Dothi lada kale?" anafunsa Keturah.

"Ayi, mdzukulu wanga. Linatopa kalekale. Lidzada pang'onopang'ono."

"Mudikire, agogo. Inenso ndinadikira."

"Ndidikira," anatero agogo.

Amayi anabwera ndi mbale. Iwo ndi Keturah anayamba kuthyola nkhwani. Agogo ankaonerera pafoni. Ankawauza tsamba lanthete, ankawauza lokhwima. Keturah anathyola anthete okhaokha.